Mng'alu M'chibade cha a Lyton

Tinawaika a Lyton Lachinayi, ndipo pofika Loweruka mudzi wonse unali utagamula kale mlandu. Anawapha ndi mtsikana wa kompyuta.

A Lyton anali amuna anga. Anali telala, mpaka pamene manja awo anayamba kunjenjemera. Ulusi unaleka kulowa pa singano, tiyi ankathera pa malaya. Kenako kunabwera Tamara, mtsikana wa kumpoto amene ankachita lendi ku Malosa. Ankagwira ntchito ya kafukufuku ndi madokotala ena a ku Blantyre. Iye anati kunja kuli makina otumiza phokoso losamveka ndi khutu, longa la sikani ya amayi apakati, ndipo phokosolo limadutsa m'chibade kukagwedeza ubongo pamalo pamene payambira kunjenjemerako, popanda kung'amba mutu. A Lyton analembetsa tsiku lomwelo. Ankafuna kubwerera pa makina awo osokera.

Anapita ku Blantyre ine kulibe. Ndinali ku Liwonde kodikirira mwana wathu Chisoni, masiku ake obereka atakwana. Foni itandipeza ndinathamanga, koma ndinawapeza ali gone pamphasa, chipewa cha ulusi chili kumutu, akupuma ngati munthu wokoka thumba lolemera. Sanandizindikire. Anatsirizika tisanafike nawo ndi pamsewu pomwe.

Amene anayendetsa zonse ndi achimwene anga a Henderson, mwini mbumba wathu. Bokosi anapeza ndi iwo, zokapima mtembo kuchipatala anakana ndi iwo. Anati munthu wazunzika kale mokwanira, asamung'ambenso. Ndipo ndi iwo amene anayamba kunena pa siwa kuti makina a ku Blantyre amuphika ubongo mlamu wawo. Mawuwo anayenda. Anyamata anakaswa mawindo a Tamara, apolisi n'kumutenga kukamusunga asanamuwotchere m'nyumba.

Ine ndinalumbira pamanda, anthu akumva, kuti amene wandiphera mwamuna ndidzamuona ali mu unyolo. Lolemba m'mawa achimwene anati: "Pita ukapereke sitetimenti. Popanda mawu a namfedwa, amutulutsa." Ndinamanga duku lakuda n'kuuyamba.

* * *

Amene ankatsata nkhaniyi anali Sajeni Masiye, mayi wojintcha woyankhula ngati watopa ndi dziko lonse.

"Mayi a Chisoni, pepani ndi zovutazi. Mwabwera kudzanena zimene munaona kapena zimene munamva?"

"Ndabwera kudzanena kuti mumumange."

"Zomanga n'zathu. Inu munaona chani?"

"Ndinaona mwamuna wanga atafa! Pakufunikanso china?"

Anatuluka, n'kubwera ndi Tamara. Kamtsikana kowonda, tsaya lotupa pamene panagunda mwala, bulauzi yomwe anamugwira nayo. Ndikanakhala ndi mpeni sindikudziwa. Sajeni anaika patebulo kompyuta yopinda ya Tamara imene anailanda ngati umboni, n'kukhala pakati pa ife awiri.

"Awuze zimene unandiuza ine. Mwachichewa, osati zachizungu zako zija."

"Amayi, pepani," Tamara anayamba.

"Pepani wako ukadye ndi ndiwo. Makina amene unawotchera mwamuna wanga ali kuti?"

"Sanafike, amayi. Akadali kunja. M'dziko muno palibe munthu amene tamuikapo makinawo kumutu."

"Nanga ku Blantyre anakatani?"

"Anakangowajambula chibade. Ine si dokotala, ntchito yanga ndi masamu. Fupa la mutu silifanana munthu ndi mnzake. Pena n'lochindikala, pena n'lopyapyala. Phokoso likamadutsa limakhota, lina limabwerera, lina limatenthetsa fupalo. Mukangoika makina kumutu musanayese, mutha kumuwotcha munthu, kapena kugwedeza malo olakwika. Ndiye timayamba tajambula chibade cha munthuyo, n'kuchilowetsa mu kompyuta, n'kumayeserera m'menemo. Chikalakwika chilakwikire mu kompyuta, osati m'mutu mwa munthu."

Anatsegula. Panatuluka chibade chotuwa, chikuzungulira chokha. Anati chinali cha bambo wina wa ku Malemia. Anadina, ndipo kuchokera kumbuyo kwa khutu kunayamba kuyenda mizere yobiriwira, ikulowa m'fupa, ikukhota pang'ono, mpaka yonse inakakumana pakati pa mutu, pa kadontho kamodzi konga njere ya mpunga.

"Zikayenda chonchi, ndiye kuti zili bwino. Tsopano onani cha bambo."

Ndinafuna kutseka maso. Sindinatseke. Chinali chibade basi, koma mano ndinawadziwa, ndi mpata uja wa dzino limene anachotsa chaka cha njala. Mizere inayamba kuyenda ngati poyamba paja. Koma itafika pafupa sinakhote bwinobwino. Inathyolera pamalo amodzi, yofiira, n'kumwazikira mkati ngati madzi a m'munda wa mpunga mzere ukaphulika.

"Ndinayesa ndalakwitsa masamu," Tamara anatero. "Ndinabwereza, zomwezo. Ndiye ndinatembenuza chithunzi."

Anachitembenuza. Kumbuyo, chakumanja, fupa linali litalowa mkati. Dzenje lozungulira bwinobwino, lokwana chala chachikulu, ndi ming'alu yochokerapo ngati dzira logogodedwa ndi supuni.

"Anafika nalo ku Blantyre bala limeneli. Chithunzi sichingajambule chinthu chimene sichinachitike. Ndinaimbira madokotala, anati analiona kale ndipo anafuna kuwagoneka, koma bambo ananamizira kupita kuchimbudzi n'kuthawa. Ndinawaimbira foni, anati zipola zokha. Ndinapita mpaka kwanu kuti ndiwatengere kuchipatala, koma bambo wina anandibweza pakhomo."

"Bambo wake uti?"

"Sindiwadziwa. Amene angadziwe ndi wa kabaza amene ananditenga. Rashid."

Sajeni anandiyang'ana. "Madokotala anawafunsa chinachitika n'chani. Amuna anu anati anagwa akupalasa njinga."

Ndinapukusa mutu.

"Njinga yanji? A Lyton njinga anagulitsa manja atangoyamba kuvuta. Chiwongolero ankachigwira bwanji, munthu wolephera kugwira kapu?"

"Ndiye ananama," Sajeni anatero. "Munthu akanama za bala lake, amakhala akubisa amene wamupweteka. Ine mudzi wanu sundiuza kanthu, akangoona yunifolomu onse amasanduka osayankhula. Mwina inu akuuzani. Sitetimenti ija mukufunabe kupereka?"

"Idikire," ndinatero.

* * *

Rashid ndinamupeza pa siteji ya makabaza m'mphepete mwa msewu wa Liwonde, akupopa tayala. Atandiona anavula kapusi.

"Amama, pepani. Tikupita kuti? Lero sindikulipiritsani."

"Sitikupita kulikonse. Siya pampuyo."

Anzake anayamba kuseka. "Rashid, wapalamula chani kwa apongozi?" Ndinawayang'ana kamodzi, onse anapeza chochita ndi matcheni awo. Ndinamukokera kuseri kwa okala.

"A Lyton unawagwetsa pa njinga?"

"Ine? Wallahi, amama, chiyambire ntchito ino ndinagwetsapo thumba la makala basi, nalonso linali lomangidwa ndi wina. Mdala uja ndinkamuyendetsa ngati mazira."

"Unawanyamula liti komaliza?"

"Lolemba lapitalo m'mawa, kuwaperekeza pa minibasi ya ku Blantyre. Koma anali asali bwino. Dzuwa lonse lija munthu ali ndi chipewa cha ulusi mpaka m'makutu. Ndinati mdala, mwayamba fashoni ya achinyamata? Sanaseke. Panjira tinaima kawiri, akusanza."

"Asanapite ku Blantyre?"

"Asanakwere ndi minibasi yomwe."

"Ndiye pamene anthu amaswa mawindo a mwana wa eni uja, iwe pakamwa pako panali chani? Chimanga?"

Anayang'ana pansi. "Amama, ine ndimadya pa msewu uno. Amene amaswa mawindo ndi makasitomala anga."

"Yankhula. Chinayamba liti?"

"Lamulungu, dzuwa litapendeka. Ndinkachokera kosiya munthu kumunsi. Ndinawapeza atakhala m'mbali mwa njira yochokera kumunda kwanu kuja, wa kumtunda kwa dambo. Atakhala pansi penipeni, miyendo atatambasula ngati mwana. Chipewa kunalibe nthawi imeneyo, dzanja linali kumbuyo kwa mutu. Pamiyendo anali ndi zikhomo."

"Zikhomo?"

"Zamitengo, zosongola, zopaka penti yofiira kumutu. Zija amakhoma akamadula puloti. Zinali ndi dothi, zochita kuzula. Ndinati mdala, tayani izi, akana. Anakwera nazo, andigwira m'chiuno ndi dzanja limodzi. Pofika anati, Rashid, usawauze mayi a Chisoni, ndapunthwa."

Munda umenewo ndi wanga. Anandisiyira ndi amayi anga, ndipo takhala tikudyamo chimanga chiyambire banja lathu. Palibe puloti m'menemo.

"Nanga tsiku limene unapita ndi mtsikana uja kwathu, anakubwezani ndani?"

"Iii, amama. Zavuta. Pamenepo ndiye ayi."

"Rashid, mayi ako ndinasenza nawo madzi pa ukwati wawo. Ndikakufunsanso kachiwiri ndikufunsira kupolisi."

Anapukuta manja pa buluku, ngakhale anali oyera.

"Mtsikana uja analira pakhomo panu. Anati munthuyu akapanda kupita kuchipatala lero afa. Iwo anati alamu akugona, tiwauza akadzuka, ndipo usadzapondenso pano." Anatsitsa mawu. "Anali a Henderson."

* * *

Kunyumba ndinapeza achimwene atakhala pakhonde panga, pa mpando wa a Lyton. Mng'ono wanga Enifa ankapeta mpunga pabwalo.

"Wapereka?" anafunsa.

"Sajeni anatuluka. Akuti ndipitenso."

"Mwaona? Adya kale za anthu a ku Blantyre. Palibe kanthu. Mawa m'mawa tonse tikumana pano, tipita limodzi kupolisiko. Akakana kumutengera kukhoti atipatse ifeyo. Anyamata akonzeka."

"Akonzeka kutani?"

"Iwe usadandaule nazo. Iwe uzingolira."

Ndinakhala pansi pa tsindwi la khonde, ndikumasula nsapato. Mawu ndinawatulutsa mofewa, ngati ndikufunsa za mvula.

"Achimwene, akuti mtsikana uja anabwera pano a Lyton akudwala."

"Anabwera, ndinamuthamangitsa. Ukanafuna ndimulole adzamalize ntchito yake?"

"Nanga osandiimbira foni tsiku lomwelo bwanji?"

"Unali ndi mwana wodwala. Tinkayesa ndi mutu wamba."

"Lamulungu lija munawaona?"

Enifa anasiya kupeta.

"Lamulungu liti? Ine Lamulungu ndinali ku maliro ku Malemia, kuyambira m'mawa mpaka mdima. Funsa aliyense. Ukundifunsa ngati wapolisi bwanji, Sellina?"

"Ndangofunsa. Akuti kumunda kwanga kunali zikhomo."

"Zikhomo zanji? Ana oweta mbuzi amasewera ndi chilichonse." Anaimirira, n'kukonza kolala. "Chisoni chikukusokoneza mutu. Enifa, mupatse madzi asambe, agone. Mawa avale zakuda, akhale kutsogolo."

Atachoka ndinalowa m'nyumba. Ndinasanthula paliponse, pansi pa bedi, kuseri kwa gumbo la makina osokera, m'nkhokwe. Zikhomo kunalibe. Ndinafunsa Enifa amene anasesa m'nyumba tsiku la maliro.

"Ine," anatero, osandiyang'ana. "Koma moto wa pa siwa anasonkha ndi achimwene. Nkhuni zina anatulutsa m'nyumba momwemo."

* * *

Ku maliro kulikonse kwa kuno, kaya ndi kwathu kaya ku Malemia, sikulephera a Makaiko. Ndi mkulu wa adzukulu, amene amakumba manda, kusambitsa mitembo ya amuna ndi kukhoma mabokosi. Ndi nkhalamba ya Chilomwe, khutu limodzi linafa kalekale. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akusema mpini, dzuwa likulowa.

"Agogo, ndabwera ndi funso."

"Fodya? Ndilibe."

"Funso!"

"Ee, usakuwe, mwana wanga, ndamva. Khala uku, kuli khutu lamoyo."

Ndinakhala. "Maliro a ku Malemia a Lamulungu lija munaliko?"

"Ndinakumba ndine. Nthaka yake ya miyala, anthu aja amaika abale awo pa thanthwe ngati akubisa ndalama."

"Achimwene anga analiko?"

"Henderson? Anabwera. Anapereka moni kwa anamfedwa, anakhala pamene aliyense angamuone, anaimba nawo nyimbo imodzi mokweza. Ife adzukulu timakhala pambali, mwana wanga, timaona amene wabwera kudzalira ndi amene wabwera kudzaonedwa. Dzuwa lisanafike pamutu kunaima galimoto kumsewu, muli bambo wa tayi, mwa aja ogwira ntchito m'maofesi amene akusaka malo omanga nyumba. Henderson anakwera."

"Anabwerera?"

"Akanabwerera bwenzi nditachita manyazi chonchija? Anandibwereka nyundo."

"Nyundo yanji?"

"Yanga yokhomera mabokosi. Anati akakhome kanthu pang'ono, abwera nayo mwambo usanathe. Nthawi yotseka bokosi inakwana, nyundo kulibe. Tinakhoma ndi msana wa nkhwangwa, abusa akuyang'ana, misomali ikupindika. Chiyambire ine ntchito imeneyi!"

"Anabweza liti?"

"M'mawa mwake. Anatumiza mkazi wake." Anaika mpini pansi, n'kulowa m'nyumba mokoka mwendo. Anatuluka ndi nyundo yachikale, mpini wakuda ndi thukuta la zaka, mutu wake wozungulira mbali imodzi. "Taona. Inabwera yotsukidwa. Ndi sopo, inkanunkhira. Ndani amatsuka nyundo, mwana wanga?"

Ndinaika chala changa chachikulu pa mutu wozungulirawo. Chinakwana ndendende.

"Agogo, a Lyton munawasambitsa ndinu?"

Anakhala pansi pafupi nane.

"Thupi ndinasambitsa ine. Mutu ayi. Henderson analowa m'chipinda, anati mutu wa mlamu wanga ndisambitsa ndekha, makina auwononga, musauone. Wachibale salowa mosambitsa, iwe ukudziwa. Ndinamuuza. Anati nthawi zinasintha. Anaukulunga ndi nsalu yoyera, anangosiya nkhope. Koma ponyamula kuika m'bokosi, kumutu kunali ine." Anatambasula chikhatho chawo, n'kuchiyang'ana. "Kumbuyo kuno kunali kofewa. Ngati papaya logwa mumtengo."

"Osanena bwanji?"

"Mdzukulu zimene waona m'chipinda amazisiya m'dzenje. Ndi ntchito yathu. Komanso palibe anandifunsa. Iwe ndiwe woyamba."

"Bokosi la a Lyton munakhoma ndi chani?"

Anangoyang'ana chimene chinali m'manja mwanga.

Ndinasanza pomwepo, pafupi ndi mipini yawo. Nditatha ndinapukuta pakamwa, ndinakulunga nyundo m'chitenje, n'kuwauza kuti ndabwereka. Anati aliyense wobwereka nyundo imeneyi amabwera ndi tsoka. Ndinati tsokalo labwera kale.

* * *

Kutacha ndinayamba ndapita kumunda. Sikutali. Zikhomo zinali zitabwereramo, zatsopano, penti yake yosauma bwino, zitadula mbali yonse ya kumtunda kumene kuli mitengo ya mango. Pakona panali mulu wa mchenga. Mwamuna wanga asanathe ndi sabata m'manda. Ndinaimbira Sajeni Masiye ndili pomwepo, n'kumuuza kuti akafuna kupeza mtsikana wake ali moyo madzulo, abwere kwathu tsopano, ndipo asabwere yekha.

Pobwerera ndinapeza bwalo langa litadzaza. Amayi a mumpingo, abale, anyamata ena ndi zibonga, wina ndi chigubu chimene sindinafune kufunsa kuti muli chani. Achimwene anali pakhonde akulankhula.

"Uyo wabwera namfedwa! Sellina, tiye kutsogolo."

"Achimwene, tiyeni kuseri. Mawu awiri."

Anaseka kuti anthu aone, n'kunditsata kuseri kwa bafa. Ndinamasula chitenje. Ataiona nyundo, nkhope yawo inagwa ngati khoma lonyowa.

"Waitenga kuti?"

"Munda wanga mwagulitsa kwa ndani?"

"Si wako wekha. Ndi nthaka ya amayi athu, ndipo woyang'anira ndine. Ndikanakuuza ukabwera."

"A Lyton anakupezani mukukhoma."

"Anandichititsa manyazi!" Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Pamaso pa mlendo, Sellina. Mkamwini, munthu wobwera, wopanda ndi dzenje la mbewa lomwe m'mudzi muno, akuzula zikhomo zanga chimodzichimodzi ndi manja ake onjenjemerawo. Akuti dikirani mwini wake abwere. Mlendo anakwera galimoto n'kuchoka. Ndinamuuza siya, sanasiye. Anawerama kuti azule china. Nyundo inali m'manja. Kamodzi kokha."

"Kamodzi."

"Anadzuka yekha! Anatola zikhomo, anayenda. Ndinayesa zatha."

"Mtsikana uja atabwera kudzawatengera kuchipatala, munayesanso zatha?"

Anandigwira mkono, mofatsa, ngati mmene ankandigwirira tili ana powoloka mtsinje wa Domasi madzi atadzaza.

"Tamvera. Mwamuna wako anali ndi masiku oti anene. Anauza dokotala? Anauza wa kabaza? Anakuimbira iwe? Anakhala chete mpaka kufa, chifukwa ankadziwa kuti akanena, mbumba ino yaphwasuka. Anasankha yekha. Iwe ukufuna kugwetsa chimene iye anafera akuchisunga? Mtsikana uja ndi mlendo. Apita kwawo, anthu ake ali ndi maloya. Ine ndine magazi ako. Ana a Enifa amadya kwa ine. Ukadwala amakunyamula ndani? Ukafa adzakuika ndani?"

Zonse zimene ananena zinali zoona. A Lyton anali otero. Zaka zonse zimene anakhala pamudzi pathu sanakwezepo mawu kwa m'bale wanga aliyense. Ankasoka mayunifolomu a ana awo ulere, ankapatsidwa malo akumapeto pa milandu ya pabanja, n'kumati zikomo. Anagona pamphasa masiku amenewo mutu ukuphulika, munthu amene anawaphwanya atakhala pakhonde kuwalondera, ndipo anaona kuti ndi bwino kufa kusiyana ndi kundiika ine pakati. Ndinawakwiyira a Lyton nthawi imeneyo kuposa mmene ndinakwiyira achimwene. Ulemu wanji wopusa chonchi? Anandifunsa ine ngati ndikufuna mbumba kapena mwamuna?

Kubwalo kunamveka galimoto, kenako phokoso la anthu.

"Sellina," achimwene anatero. "Ponya chinthucho m'chimbudzi. Tiye tikalire limodzi."

Ndinachotsa dzanja lawo pa mkono wanga.

* * *

Sajeni Masiye anali ataima pakati pa bwalo ndi apolisi ena awiri amfuti. Anyamata anali atabisa zibonga kumbuyo. Ndinadutsa pakati pawo mpaka pamaso pake, n'kumupatsa nyundo anthu onse akuona.

"Sitetimenti ija ndabwera nayo. Mwamuna wanga sanaphedwe ndi makina. Makinawo kulibe n'komwe. Anamenyedwa ndi iyi, kumbuyo kwa mutu, atawerama m'munda mwanga, Lamulungu, asanapite ku Blantyre. Anawamenya ndi achimwene anga a Henderson. Andiuza okha kuseri kwa bafa uko."

Kenako Enifa anakuwa, n'kudzigwetsa pamapazi anga.

"Achemwali, mwapenga! Bwezani mawu! Ndi achimwene athu!"

"Wapenga ndi chisoni," achimwene anatero, atatulukira pakona ya nyumba. "Wadyetsedwa ndi anthu a ku Blantyre. Umboni uli kuti? Nyundo ili ndi pakamwa?"

Sajeni anaitembenuza nyundo ija m'manja. "Chithunzi cha mu kompyuta ndachiona, dzenje lake ndi ili. Koma loya adzati chithunzi n'chopanga. Chimene khoti silingakane ndi fupa lenilenilo. Mayi a Chisoni, mukudziwa chimene ndikupempha?"

Ndinkadziwa. Anthu onse ankadziwa, chifukwa amayi a mumpingo anayamba kugwira pakamwa. Kwathu kuno manda satsegula. Azakhali anga anaimirira ndi ndodo yawo, n'kunena kuti ndikalola zimenezo ndisadzaponde pakhomo pa wachibale aliyense, ndipo maliro anga adzaimba ndi agalu.

"Kafukuleni," ndinatero. "A Makaiko akudziwa pamene pali mutu."

Unyolo unalira pa manja a achimwene. Sanandiyang'ane. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wa chigubu uja poyamba.

Khoti linalola, anafukula, dokotala anaika nyundo pa dzenje ndipo inakhala ngati chivindikiro pa poto wake. Tamara anamutulutsa tsiku lomwelo. Sanabwerere ku Malosa, abale ake anadzamutenga ndi katundu yense, ndipo kafukufuku uja anamusamutsira kwina. Bambo wa ku Malemia uja, wa chibade chabwino, ndimakumana naye pa chigayo. Manja ake akunjenjemerabe. Sandipatsa moni.

Tsiku lometa linafika. Mwambo wake ndi woti abale amasonkhana, amaphika, ndipo wamkulu wa kuchikazi amameta namfedwa kuti maliro athe. Ndinasesa bwalo, ndinayala mphasa zonse, ndinatereka madzi. Chisoni sakanatha kubwera ndi khanda la masiku. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linayamba kutsika. Enifa ndinkamuona ali pakhomo pake, atandifulatira, akusinja.

Ndinapita pa okala kukagula lezala. Ndinakhala pakati pa mphasa zopanda anthu zija, ndinavula duku, ndinanyowetsa mutu, n'kuyamba ndekha kuchokera pamphumi. Kumbuyo sindinkaona. Ndinadzicheka kangapo, magazi anatsikira m'khosi, koma ndinameta mpaka tsitsi linatha lonse.